Nkhondo ya M'chitini cha Polishi

Masana ndimakonza mawotchi pakhonde ku Limbe,
diso limodzi m'kagalasi, linalo pa fumbi la maminibasi.
Usiku, ku Chilomoni, ndine mkulu wa nkhondo.

Asilikali anga zikwi zisanu
amagona m'chitini cha polishi wa nsapato.
Ndinawadula ku mano a chipeso chothyoka
n'kuwamata mizeremizere pa tizidutswa ta katoni,
kalikonse kukula ngati chikhadabo.
Apakavalo ndi njere za mpunga zopaka utoto.
Njovu ndi nandolo wouma.
Mukayetsemula mosasamala, ufumu wagwa.

Malamulo ndinalemba kuseri kwa mabilu a madzi.
Oyenda pansi asunthe zala ziwiri,
apakavalo zinayi.
Wamkondo akaima paphiri, muwonjezereni chimodzi.
Phirilo ndi sosala yovundikira,
mtsinje ndi chingwe cha nsapato;
Likongwe anautcha Mudi, ati poti nawonso sumweka.

Lamulo lachisanu ndi chiwiri tinalimbirana miyezi itatu:
kodi gulu lozingidwa limafa, kapena limangothawa?
Iye ankati limafa, libwerere m'chitini.
Ine ndinkati munthu sapenga, akaona zavuta amaliyatsa liwiro.
Anandiposa mawu. Tinalemba zake.

Ankachokera ku Chilobwe Loweruka lililonse,
mtedza m'thumba, bodza latsopano pakamwa,
dayisi yake ya fupa ataimanga m'kampango
kuopa kuti yanga ndinaiphunzitsa.
Chaka chimene phiri linatsika ndi matope
sanabwere.
Wailesi inatchula chiwerengero
ndipo ndinachidziwa kulemera kwake:
ndi mmene kambaniro kanga kamanyamulira anthu mazana
dzanja osamva kanthu.

Chitini ndinachiika pamwamba pa kabati.
Dzimbiri linayamba ntchito yake.

Amene anachitsitsa ndi Asiyatu,
mwana wa alandilodi, wa Sitandade sikisi,
wobwera kudzabwereka machesi.
Tsopano mbali ya Likongwe ndi yake.
Sawerenga malamulo, amawafunsa mafunso.
Njovu zimadya chiyani pa thebulo lopanda udzu?
Amawaphikira ndani onsewa?
Dzulo wabwereka kagalasi kanga,
wawerama mpaka mphuno kukhudza Mudi:
uyu wopendekekayu dzina lake ndani?
Ndati pamsinkhu uwu, mwanawe, kulibe mayina,
timawerenga magulu.
Wati ayi, watopa chabe, wayenda kuchokera kutali.

Kenaka magetsi anazima, monga mwa nthawi zonse.
Tinayatsa kandulo kumapeto kwa thebulo
ndipo mano a chipeso aja anaponya zithunzithunzi pakhoma,
aliyense wamtali ngati munthu,
aliyense ndi kaimidwe kake.
Tinakhala chete. Panja galu ankauwa njinga yamoto.

Ndinamuzinga kumanzere, apakavalo anga ataoloka chingwe.
Dayisi inagwa sikisi.
Ndinatambasula kambaniro kuti ndichotse gulu lake
koma anaphimba ndi chikhatho.
Anawakankha pang'onopang'ono ndi chala
mpaka kuseri kwa chitini cha shuga.
Awa sanafe, anatero. Athawira uku.
Abweranso Loweruka.

Atapita ndinafunafuna bilu ya Malichi,
pomwe pali dzanja la Likongwe, lopendekera kumanja,
ndi dontho la tiyi pa mawu akuti limafa.
Cholembera ndinachigwira nthawi yaitali.
Sindinafufute.
Ndinangolemba pansi pake, timalemba tating'ono,
toti kuwerenga kwake mpaka kagalasi.