Chitini cha Mabisiketi

Kwa masiku zana ndi makumi anayi kudza atatu
ndalama ya ndudu ndinkaiponya m'chitini cha mabisiketi
pamwamba pa kabati.
Sulastri ankamva chivundikiro chikulira madzulo aliwonse.
Sankanena kanthu,
koma tiyi ankabwera ndi shuga woonjezera.

Ndinali nditaphunzira kulambalala.
Kuseri kwa siteshoni ya Poncol, anzanga a kabaza akayatsa,
ine ndinkapukuta njinga yamoto yopukutidwa kale.
Khofi wam'mawa ndinkamwa choimirira
chifukwa benchi lija limandidziwa.
M'thumba la jekete, masiwiti a jinja
ndi timitengo totokosera m'mano.
Semarang yense ankafuka, ine ndikungodutsa.

Maliro okha ndinali ndisanawakonzekere.

Usiku wachisanu ndi chiwiri chimwalirireni mkulu wanga Darmaji
tinakhala pamkeka, amuna okhaokha, mapemphero atatha,
mvula ikusasantha malata.
Kamnyamata kanabweretsa tambula yodzaza ndudu,
zoimikidwa ngati mapensulo a ana asukulu,
n'kuiika pafupi ndi bondo langa.
Dzanja silinandifunse.

Ndudu za kuno zimalankhula.
Ukakoka zimathetheka ngati kamoto ka masamba ouma
n'kukusiyira kutsekemera pamilomo.
Darmaji ndiye anandiyatsira yoyambirira
kuseri kwa bwalo la mpira, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu,
akundiseka kutsokomola.
Choncho yoyamba inali yake.
Yachiwiri inali ya chisoni.
Yachitatu inali yanga ndithu,
ndisanamizire wakufa.

Pobwerera, madzi a m'nyanja anali atalowanso m'kanjira kathu,
kufika m'akakolo.
Nyale ya pakagolosale ka Tumini inali ikuyakabe.
Mawu ena m'chifuwa ankati:
wanyowa kale, ukuthawanso mvula yanji?
Gula paketi, udzasiye mwezi wamawa.
Tumini atangondiona nkhope
anatambasulira dzanja pashelefu ija
ngati kuti miyezi yonseyi ankangondisungira.
Ndinaima pamenepo nthawi yaitali
madzi akuzizira m'nsapato.
Ndinati, mazira anayi.
Sindinkafuna mazira.
Ndinawanyamula awiri uku, awiri uku,
kuti manja onse akhale ndi chowopa kugwetsa.

Kunyumba ndinatsitsa chitini
n'kuchikhuthula patebulo.
Tenga, ndinatero, ndalemba m'madzi.
Sulastri ananunkhiza kolala ya malaya anga.
Zingati?
Zitatu.
Ananyowetsa chala, n'kupatula mtengo wa ndudu zitatu,
osapitirira ngakhale kakobidi,
zotsalazo n'kuzibwezera m'chitini.
Moto wadya izi, anatero. Izi sizinapse.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa,
kukanakhala kopepukirapo.
Iye anangofunsa:
pa tsiku la makumi anayi adzabweranso anthu omwewa,
tambula ijanso idzabwera.
Iwe udzakhala pati?

Ndinaganiza mpaka mvula inakata.
Pakhomo, ndinatero, pamene pamalowera mphepo.
Ketulo ndidzagwire ine, ndizithira tiyi.
Ndipo Sarno ndimuuziratu mawa,
adzakankhire tambulayo kutsidya kwa mkeka
ngakhale andiseke.

Lero ndadzuka kukhosi kuli mchenga,
chilakolako chitakhala m'mphepete mwa bedi
ngati mlendo amene anauzidwa kamodzi kuti lowani.
Sindinachithamangitse. Ndasamba,
ndadya mazira aja,
chatopa chokha ndisanamalize kumanga zingwe za nsapato.
Chibweranso masana, ndikudziwa,
pa nthawi imene makasitomala amasowa.

Sindikudziwa kuti tsikuli ndilitche loyamba
kapena la zana ndi makumi anayi kudza anayi.
Darmaji akanati ndisiye masamu, ndikagwire ntchito.
Madzulo ndikafika ndidzatambasula dzanja pamwamba pa kabati.
Chivundikirocho n'cholimba, chimafuna chikhadabo,
ndipo kukhitchini kuli wina amene adzakhale akumvetsera.