Kuphunzitsa Foni Kuiwala

Mayi Nakhumwa anafika Lachinayi, mvula itangokata,
nsapato zili ndi matope a ku Chingale,
foni atayikulunga pampango ngati ndalama ya chipepeso.
Ntchito yathu yatha, akuti tibweze mafoni ku ofesi,
mawa idzakhala m'manja mwa wina.
Ndafufuta zonse ndi chala changachi
koma mtima ukukana kukhala pansi.

Ndinawauza zoona, pabenchi langa pa Mpondabwino,
pakati pa wosoka nsapato ndi mtsikana wa mayunitsi:
kufufuta kwa chala n'kuzula chikwangwani pageti,
nyumba ikadali pompo,
eni ake ali m'katimo, akupuma.
Mnyamata wa laputopu, mutam'patsa usiku umodzi,
angawadzutse onse
n'kuwaitana mayina.

Anayang'ana kuphiri, kumene nkhungu
inali itameza kale mitengo ya paini ya ku Chawe.
Alimo makumi anayi ndi awiri, anatero motsitsa mawu,
olandira mankhwala mwezi ndi mwezi.
Wina ndi mkulu wa mpingo.
Wina mkazi wake sadziwa.
Wina ali folomu thuu.
Anandiuza ine ndekha, chitseko chili chotseka.

Ndinatulutsa simu ndi kakhadi kosungira zithunzi
n'kuwaikira m'dzanja, izi n'zanu, mukatenthe.
Ndinamasula foniyo ku akaunti yawo
monga mmene umamasulira mbuzi pachikhomo.
Kenako chingwe,
ndi mizere isanu ndi iwiri imene ndinalemba ndekha
chaka chija ndinasiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi.
Mzere woyamba umafunsa ngati zonse zili zokhomedwa.
Wachinayi ndi umene umaphwanya kiyi,
osati kuibisa pansi pa mwala, ayi,
kuipera mpaka isanduke fumbi
kuti loko asadzakumbukenso dzanja lomwe linam'tseka.
Yotsalayo imathira manambala opanda mutu m'zipinda zonse,
gaga pamwamba pa gaga,
mpaka pasatsale ngodya yoti dzina n'kubisalamo.

Batire lili pa eyite. Magetsi a kuno ndi mlendo,
satsanzika pochoka,
ndiye ndinalumikiza kubatire la galimoto pansi pa benchi.
Chala changa chinali pamwamba pa batani
pomwe anandigwira mkono.
Dikira. Pali kamodzi kamene ndinalephera.

Mawu a bambo, okhala ngati akukwera chitunda,
tambala akulira chapatali:
Adokotala, lero ndadya. Ndafika mpaka kudimba.
Ndati ndikuuzeni inuyo poyamba.

Si ine dokotala, anatero, koma sankamva zimenezo.
Tinawaika m'manda mu Juni.

Anamvetsera kawiri.
Wosoka nsapato anaimitsa singano m'mwamba.
Kachitatu anangoyang'ana foniyo,
n'kupukuta galasi lake ndi nsonga ya chitenje.
Dina, mwanangu.

Ndinadina.
Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa
pang'onopang'ono ngati Likangala mu Okutobala.
Sitinayankhulane. Kabaza anadutsa ndi thumba la makala,
wina anafunsa mtengo wa chaja n'kupita osagula.

Itadzuka inatipatsa moni ngati sitinaonanepo,
n'kufunsa chiyankhulo chimene tikufuna.
Ine sindikhulupirira moni wa foni.
Ndinaitumizira pulogalamu yofukula zotayika,
ija amagwiritsa ntchito ofuna za eni,
inakumba theka la ola
n'kubwera ndi gaga yekhayekha.

Analipira ndi ndalama zonyowa,
n'kukulunganso foni pampango womwe uja
ngakhale munalibenso choti n'kubisa.
Ndinawaona akulowera kudepoti,
akulambalala zithaphwi, mutu uli chowerama pang'ono,
onse makumi anayi ndi awiri ali mmenemo,
ndi uja anafika mpaka kudimba.
Kumeneko chingwe changa sichifika,
ndipo iwo sanandipemphe.