Loweruka pa Msewu wa Katondo

Tikambenji watumiza ndalama kuchokera ku Joni:
"Amayi, tayani chigubu mukuchitcha fonicho,
mugule yeniyeni."
Ndiye ndakwera minibasi ku Chawama,
chikwama ndachifungatira ngati khanda lodwala,
ndatsika m'tauni dzuwa likuswa mtengo.

Pa Katondo aliyense ndi mlamu wako.
Uyu akukoka chitenje, uyo akunong'oneza mtengo,
wina katundu wake ali m'sokosi.
Ndathawira m'kashopu ka Masiye,
mnyamata wa mpata m'mano,
iye n'kuyala ziwiri pagalasi.

"Iyi, amayi, ndi ya apozi wolumidwa.
Ili ngati nyumba za ku Kabulonga:
mpanda wautali, geti limodzi, mlonda sagona,
nkhuku ya mnansi siilowa.
Koma zonse m'menemo n'za landilodi,
ngakhale msomali simukhoma osapempha.
Inayi ndi Andiroyidi,
ili ngati kwanu komweko:
mukafuna chipinda mumawonjezera,
zenera mumaboola pomwe mwakonda,
ikagwa timaitsegula pompano, mawa mwaitenga.
Kungoti zitseko zikachuluka
nazo mbava zimaphunzira njira."

Ndanyamula ya apozi.
Yozizira, yosalala ngati mbale ya alendo.
Kamera yake yandiwerengera makwinya onse
osabisa ndi limodzi lomwe.
Mtengo wake ndi lendi ya miyezi isanu
ndi makala pamwamba.
Komabe ndaganiza za azimayi anzanga a chilimba,
mmene makosi angapotokere Lamlungu.
Ndine munthu. Ndaisirira.

Ndafunsa za batire,
poti magetsi kwathu amabwera ngati mwamuna wa mitala,
usiku, mosalonjera, m'mawa wapita.
Masiye waseka: "Zonse zimafa, amayi,
zimangosiyana ola."

Apo ndatulutsa chigubu changa,
galasi lake ming'alu yokhayokha ngati chidendene cha m'chilimwe,
msana womanga ndi labala.
"Nanga za munomu zisamuka?"
"Zithunzi zisamuka. Manambala asamuka."
"Mawu?"

Muli a Yotamu munomu,
masekondi khumi ndi anayi.
Lachitatu lina, ali pa Kulima Tawa:
"Amake Tika, ndichedwa, kuno mvula.
Usagule tomato, ndagula kale."
Kenako hutala, kondakitala akukuwa,
kenako kachifuwa kaja
tinkakayesa chimfine.
Chaka chachitatu chino
tomato ndikugula ndekha.

Masiye wakanda m'mutu.
"Kuchoka pa Andiroyidi kupita pa inzake
kuli ngati kusamuka m'komboni momwemo,
wilibala imodzi basi.
Kuwolokera kwa apozi kumatheka,
ndawolotsapo ambiri,
koma pa mlatho katundu wina amagwera m'madzi.
Sindingalumbire."

Sangalumbire.
Ndaibweza pagalasi mbale ya alendo ija
pang'onopang'ono, isamve kuti ndaikana.
Ndaloza inayo, osati yodula kwambiri,
yapakati, yobiriwira kumsana.

Takhala ola lathunthu.
Kamzere kakukwawa ngati basi
pa Lumumba nthawi yoweruka.
Panja wina wakuwa "wakuba!", msewu wonse wathamanga,
ine maso ali pakamzere.

Katafika kumapeto, Masiye wandipatsa
n'kuyang'ana kukhoma ngati kuli kanthu.
Ndadina.
"Amake Tika, ndichedwa."
Sipika yatsopano ilibe chimfine:
ndamva mvula ikumenya malata a pasiteshoni,
ndipo kumapeto, pambuyo pa chifuwa,
pali kanthu kamene chigubu chinkameza zaka zonsezi.
Anaseka.
Kaphwete kakang'ono, sindidziwa ankaseka ndani.

Chenji ndagulira mdzukulu nsapato ku Kamwala,
ndi tomato wa pa Soweto, mulu umodzi.

Madzulo Tikambenji waimba,
nkhope yake yonse yakwana m'dzanja langa.
"Mwagula iti? Musandiuze kuti si ya apozi."
Ndati, mwanawe, ndafunsa mitengo, ndafunsa batire,
ndamva za mipanda ndi mageti,
koma ndagula nyumba
imene atate ako avomera kulowamo.