Michira Iwiri

Ku Jaén, mu Disembala, fungo la olivi wofinyidwa
limakanirira m'tsitsi ngakhale usambe kawiri.
Anzanga aweruka. Ndatsala ndekha m'kachipinda ka sikelo
ndi mabotolo makumi asanu
ndi pepala lothimbirira la manambala
lomwe ndakhala ndikulipinda chichokereni kukoleji.

Eusebio akuti makina achinayi ali bwinobwino.
Ine ndimawamva akumeza mpweya pakati pa botolo ndi linzake
ngati munthu wobisa chifuwa m'tchalitchi.
Koma khutu langa silingasainire lipoti.

Lolemba, ndisanayeze kanthu, ndinalemba m'buku ndi inki:
kaya akusefukiza, kaya akumana, ndifufuza mbali zonse.
Michira iwiri. Zisanu pa zana.

Ndiye ndajambula kaphiri kaja kooneka ngati belu,
pamwamba pake pothithikana mabotolo osalakwa,
uku ndi uku kakutsetsereka
mpaka kupyapyala ngati ulusi.
Zisanu zija ndazigawa pakati,
ziwiri ndi theka kumchira uliwonse,
ndadetsa nsongazo ndi pensulo.
Kumanzere kwa mpanda wakumanja kwatsala 0.9750.

Nambala yotere suifunira m'mphepete.
Umalowa m'kati mwenimweni mwa pepala
monga ndinachitira kumanda a San Fernando
ndikudziwa dzina la atate, mzere osaudziwa.
Chala chikuyenda:
0.9738,
0.9744,
apa.
Ndabwerera kumanzere, ndapeza 1.9.
Ndakwera kumutu, ndapeza 0.06.
Ndazilumikiza: 1.96, uku ndi uku.
Opyola pamenepo sitimutchanso mwayi.

Mabotolo anga, nditaphatikiza, kuchotsera, kugawa,
andipatsa −1.91.

Ndabwerezanso katatu. Osasuntha.
Yaima kufupi ndi mpanda, mpweya wake ukugunda waya,
koma phazi lili m'kati.

Apa m'pomwe mtima unayamba kunong'ona.
Casilda, iwe ukudziwa kale kuti akumana.
Mchira winawo ngwachiyani?
Unjika zisanu zonse mbali imodzi.
Ndinayang'anadi, sindikana.
0.9500 mulibe m'pepalamo.
Muli 0.9495, khomo loyandikana nalo 0.9505,
iyo imagona pampata wa nyumba ziwirizo,
1.645, mlendo wopanda adiresi.
Pamenepo nambala yanga ikanadumpha mosakhudza n'komwe.
Eusebio akanavula chipewa.
Kufufuta mawu awiri okha,
ndipo muno mulibe diso, kupatula la sikelo.

Mayi Amparo, amene ankatiphunzitsa choko chili pachigongono,
ankagogoda bolodi ndi mphete:
malire a munda sulemba utaona kale pomwe pabereka.
Tinkaseka katchulidwe kawo.
Anamwalira chaka cha chilala chija,
koma mphete ija ndaimva usiku uno, katatu, pagalasi la zenera.
Mwina inali nthambi.

Ndalemba: umboni sunakwane.
Sindinalembe kuti makina ali bwino,
amenewo ndi mawu ena, ndipo si anga.
M'munsi mwake: mawa mabotolo mazana awiri,
michira yomweyo, mpanda womwewo.

Eusebio adzawerenga mzere woyamba wokha,
adzamwetulira, adzandigulira khofi.
Ndidzamwa.

Popinda pepala ndaona kuti chala changa
chasiya mafuta pamzere wa 1.9.
Pamenepo payera mbee, pakuonekera kuseri,
moti ndikalikweza kunyale
manambala a tsamba linalo, a minusi aja,
akusuzumira chagada pakati pa anzawo.

Kunja thirakitala yomaliza ikutsika phiri
ndi ngolo yodzaza, nyali imodzi yakufa.
Ndazimitsa sikelo.
Podutsa pa makina achinayi ndawagwira pamimba.
Akadali ofunda.