Katoni ya Dorofi Namaona

Katoni ya sopo yomanga ndi linya,
ndizo zonse anasiya Dorofi Namaona
m'kanyumba ka lendi kuseri kwa Mpondabwino.
Ndaitsegula dzulo. Mphemvu zinathawa,
ng'ombe zinatsala.

Nayi nkhunzi ya Che Likhutcha, ya nyanga imodzi ija,
miyendo yonse inayi ili m'malere,
ndipo mnyamata amene anabetcha kuti aikwera
akuuluka chagada, kukamwa yasa,
chipewa chikumulondola pambuyo ngati ngongole.
Zaka makumi anayi zadutsa, sanafikebe pansi.

Anayamba ndi tsache.
Ankasesa situdiyo ya mmwenye pafupi ndi msika,
kutsuka mabeseni a mankhwala onunkha ngati viniga,
khutu limodzi likuba zimene bwana ankaphunzitsa mwana wake,
mwana amene mtima unali ku mpira.
Tsiku la chionetsero cha zaulimi bwana anagona ndi malungo
namutuma kukapereka kamera kwa mwanayo.
Sanamupeze.
Kunena zoona, sanamufunefune kwenikweni.

Amuna a pachipata anati, Mayi, bwererani,
mkazi salowa m'khola, ng'ombe zingapoloze.
Iye anasuzumira mkati nati,
Izi ndi nkhunzi zokhazokha, zipoloza chiyani?
Nalowa.

Masiku amenewo thalauzi linali mlandu kwa mkazi.
Ankangomanga chitenje mfundo ziwiri,
kugwada m'ndowe, chigongono pabondo,
diso lina chitsinzinire, lina m'kabowo,
nthaka ikunjenjemera, iye phee.
Ankati, Kugwa aliyense amaona.
Ine ndimafuna kamphindi kaja
munthu wadziwa kale, koma thupi silinamve uthenga.

Ine ndinali wonyamula chikwama, mwana wa mng'ono wake.
Tinamwa fumbi la mpikisano wa ngolo ku Jali,
tinapsa ndi dzuwa pa dibi ku Thondwe,
ndipo kumene azungu ankalumphitsa akavalo awo
ankatilowetsa pa khomo la ophika.
Filimu imodzi basi, kuiwerenga ngati mchere wobwereka.
Usiku bulangete pazenera, babu lokutira pepala lofiira,
nyanga zikutuluka pang'onopang'ono m'madzi
ine tsitsi lili nyaunyau.

Nyuzipepala inasindikiza zisanu.
Pansi pake analemba kuti Bambo D. Namaona.
Anadula ndi lumo, namata pakhoma ndi phala la chinangwa,
ndipo mlendo akafunsa za bambowo
ankati, Atuluka, koma kamera andisiyira.

Ku Songani nkhunzi ina sinakhote.
Nthiti ziwiri, dzino limodzi.
Atatsitsimuka kuchipatala sanafunse madzi,
anafunsa ngati wina anatsegula kumsana kwa kamera.
Chithunzicho ndachigwira pano:
mphuno yokha, ndi thovu,
ndi ntchentche imene inalibe nazo kanthu.

Kenako mabwalo aja anawadula mapuloti.
Anyamata anasiya ng'ombe nakwera kabaza.
Iye anakhala pakhonde la positi ofesi ndi nsalu yabuluu
kujambula nkhope za ziphaso,
musaseke, kwezani chibwano,
mpaka mafoni anamulanda ngakhale zimenezo
ndipo ng'ala inaphimba diso lomwe lija la m'kabowo
ngati nkhungu ikatsika phiri m'mwezi wa Juni.

Abusa apempha chithunzi chake choika pa pulogalamu ya maliro.
Ndafufuza katoni yonse kawiri.
Muli abusa a ng'ombe, akapitawo, mwana wogulitsa nzimbe,
muli Che Likhutcha akulirira nkhunzi yake,
iye mulibe.

Koma pa chija cha mnyamata wouluka, m'munsi kumanzere,
dzuwa linali kumbuyo kwake.
Pafumbi pagona mthunzi wa duku
ndi zigongono ziwiri zotambasuka,
ziboda zikutsikira pomwepo.
Sunasunthe.

Ndapereka chimenecho.
Abusa ati sichioneka nkhope.