Makamushafuti Awiri pa Benchi la Sixten

Ku Skellefteå dzuwa lazemba 2 koloko isanakwane,
ngati wangongole amene waona mwini ndalama akubwera.
M'galaja ya Sixten Burström
mukununkha oyilo wakale ndi khofi wopserera,
ndipo pa benchi, pa nyuzipepala yothimbirira,
pagona makamushafuti awiri.

Galimotoyo ndi ya Majken tsopano.
Bambo ake anaisiya makiyi ali m'thumba la jekete,
mpando woyendetsera utakumbika dzenje la msana wawo,
tabo yake ikulirabe ngati ketulo pokwera mtunda.

Majken akufuna ya kumanzereyo,
ya malinunda otambalala, yonyezimira,
imene mnyamata wa ku Piteå anaichemerera pa foni:
"Iyi ikatsegula mavavu imachita kuiwala kutseka."

Sixten akupukuta zala chimodzichimodzi.
Chapakati chinatsala theka, fanibeluti inalawako.
"Injini ndi chifuwa," akutero.
"Khomo lina n'lolowera mpweya, lina n'lotulukira utsi,
ndipo chitsulo ichi ndiye mlonda wake.
Mlonda wako wa ku Piteå
amasiya makomo onse awiri pululu nthawi imodzi.
Kopanda tabo si mlandu,
utsi potuluka umakoka mpweya watsopano pa dzanja.
Koma kutsogolo kwa katabo kakale ngati aka
utsi umapanikizana,
ukaona mpata umabwereranso m'nyumba
ngati mlendo amene watsanzika kale katatu."

Panja chipale chofewa chikugwa osapanga phokoso.
Chotenthetsera m'chipinda chikuti tetete.

"Mphamvu ilimo, sindikunamiza ayi.
Ili kumwamba uko, singano ikadutsa sikisi sauzande.
Nanga kumeneko umafikako kangati pa chaka?
Iwe umapita ku chipatala, shifiti ya usiku,
msewu uli galasi lokhalokha,
nyama ya nyanga zanthambi itaima pakati ngati yalipira msonkho.
Uponda moto, zii.
Upondanso, zii.
Kenako zonse n'kubwera pamodzi, matayala akumbuyo n'kukupitirira."

Majken sakuyankha.
Chala chake chikutsata linunda la ya kumanjayo,
lalifupi, lofatsa, losadzionetsera,
mtundu wa munthu amene amafika pa ntchito nthawi isanakwane
koma pa chikondwerero palibe amamukumbukira.

"Bambo akanasankha yolusayo," akutero.
"Ankakonda phokoso."

Mkuluyo akuseka ndi mphuno.
Akutsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando,
pansi pa mafyuzi ndi malisiti a petulo
akusolola kabuku ka chikuto chobiriwira.
Zolemba za pensulo, zopendekera kumanzere,
zomwe zija za pa makadi a tsiku lobadwa:

Meyi 1991. Taika yolusa. Masipuling'i atsopano.
Pa loboti ikunjenjemera ngati ya malungo.
Yazima kawiri pa golosale.
Juni 1991. Gunnel wakana kukwera.
Mwana sakugonanso m'galimoto.
Tabwezera yakale.

Pansi pake, mzere umodzi wokha, wodindikiza:
Wagona tisanafike pa mlatho.

Majken akuwerenga kawiri.
Kachitatu sakuwerenga, akungoyang'ana.

"Munaika ndinu?"
"Ndinaika, ndinachotsanso. Sanandilipire ulendo wachiwiriwo."

Ndiye akukwinya manja a juzi.
Sixten akumupatsa timalata toyezera mpata,
topyapyala ngati masamba a anyezi,
akumuonetsa pamene kalata kayenera kudutsa mokakamira pang'ono,
osathina, osakhwepa.
Akupaka mafuta pa linunda lililonse,
akumanga mabawuti kuyambira pakati kupita kunja,
pang'onopang'ono, kuti chitsulo chisapindike mtima.

Yolusayo aikulunga m'nsanza ya oyilo.
"Musaigulitse," akutero Majken.
"Mwina chilimwe china."
Sixten akuiika pa shelefu ya pamwamba
pamene pali zilimwe zina zambiri za anthu ena.

Kiyi.
Injini ikutsokomola kamodzi, kenako ikupuma bwinobwino,
mpweya kulowa, utsi kutuluka,
aliyense pa khomo lake.