Nambala 9 wa ku Ulongwe

Anatsika basi ya ku Tete ndi chikwama chimodzi,
bondo lomanga bandeji, fulasiki m'khwapa,
m'dzanja kachikho ka masamba owawa
kamene ankayamwa ndi kampope kachitsulo.
Tinati ndiye khini la ku Urugwayi limenelo.
Ine wochapa mayunifolomu ndinalawako tsiku lina.
Bola fodya wonyowa.

Mendiberi. Lilime lathu linkapunthwa pakati pa dzinalo.
Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.
Anati anayambira ku Montevideo,
ku Chile miyezi isanu,
ku Girisi komwe sanamulipire mpaka lero,
kenako matimu ankachepera ngati sopo wa pamsambo
kufikira a Fulujensiyo, amalonda a mbatatesi,
anamugula monga agulira thirakitala yakale:
utoto unatha, koma tamverani injini.

Sankathamanga ayi.
Ankangoyendayenda pabwalo
ngati munthu wolondola khasu lomwe anabwereketsa,
otchinga kumbuyo n'kumuiwala,
mpira pobwera iye ali kale pomwepo.
Zigoli khumi ndi chimodzi.
Ndinkalemba ndine, ndi khala, kuseri kwa chitseko.
Chija chamutu, m'chifunga cha Juni,
anyamata a ku Moatize atayamba kale kuvina,
mayi Anasitansiya anaponya m'mwamba beseni lonse la zitumbuwa
ndipo sanafunse munthu ngakhale metikali imodzi.

Anachoka mvula isanagwe.
Sanatsazike bwino, Chichewa chake chinali mawu anayi:
zikomo, madzi, patsa, mawa.

Lero pitani pamsika.
Pometera tsitsi alembapo dzina lake, chilembo chimodzi chosowa.
Njinga zitatu za kabaza zikulinyamula kumatako.
Mwana wa msuweni wanga, mtsikana, ndi Mendi,
ali sitandade 5, ndipo amamenya ndi mwendo wamanzere.

Dzulo mphwanga Dziwani anamufufuza pafoni.
Mizere inayi basi.
Kachithunzi kosaoneka bwino, tsitsi likadalipo.
Pamapeto akuti anasiya mpira
chaka chimodzi asanafike kwathu.

Ndiye kuti ife kunalibe?
Fumbi lija tinameza, mawu aja tinasasa,
zitumbuwa zija agalu anatola,
zonsezo zinachitika munthu atapuma kale?

Dziwani akuti mwina amagulitsa matayala kwawoko,
mwina amayendetsa takisi,
okwera osamuyang'ana n'komwe kumaso.
Kaya.
Ine ndikudziwa kuti bondo lija likamuwawa nthawi yozizira
pali bwalo limodzi lomwe amalikumbuka,
lopendekera kumadzulo, chulu pakona.

Malaya ake ndinasunga.
Nambala inayamba kusupuka, mchira wa 9 unagwa,
tsopano ikuoneka ngati ziro.
Ndimawachapabe kamodzi pachaka, mu Juni,
n'kuwayanika kutsogolo kwa nyumba, osati kuseri,
ndipo odutsa panjira, ngakhale obadwa dzana,
amachepetsa liwiro.